Oyilo wa a Kandoje

A Peterson Kandoje a ku Area 23 ankakhulupirira kuti makina alionse akamalira ndiye kuti akupempha mafuta. Chikhulupiriro chimenechi sanachitole panjira. Anachoka kwawo ku Ntcheu mu 1976, likulu litangosamukira kumene ku Lilongwe, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri anakhala akukonza mataipilaita m'maofesi. Akafika ankayamba aimirira kumbuyo kwa mlembi n'kumvetsera akutaipa, kenako n'kuloza pamene pali vuto asanamasule n'komwe. Zilembo ankazitsuka ndi palafini, molumikiza zitsulo n'kudonthezamo oyilo wa makina osokera. Anthu oyandikana nawo ankawatchula kuti a Injiniya, ndipo iwo ankavomera ndi mutu wokha.

Kenako mataipilaita anayamba kuikidwa pamwamba pa makabati, ntchito n'kuuma. Mu 1996 a Peterson anakagogoda pa kampani ina yaing'ono ya ku Old Town yogulitsa ndi kukonza makompyuta. Mkulu wa kampaniyo anali Mayi Raisa Amidu, ochokera ku Mangochi, amene anakaphunzira za makinawa kunja.

"Nanga makompyuta mumawadziwa, bambo?" anafunsa mayiwo.

"Makina ndi makina, mayi," anayankha a Peterson.

Mayi Amidu anaseka, n'kuwalemba ntchito.

A Peterson anali ataona mabwana ambiri, a chitseko chotseka, belu patebulo ndi kapu yawoyawo. Koma uyu anawazunguza mutu. Tebulo lake linali pakati penipeni pa chipinda chokonzera, mawaya ali mbwee kuzungulira, moti akamalankhula pa foni aliyense ankamva. Wina akakonza chinthu, mayiwo ankakoka mpando n'kufunsa kuti wachipeza bwanji. A Peterson ankawayang'ana cham'mbali, akufunafuna pamene pali msampha. Iwo anakulira m'zaka zimene munthu ankasoka pakamwa, ndipo ankadziwa kuti bwana wofunsafunsa amakhala ndi kumene amakatula.

Chodabwitsa kwambiri chinkachitika Lachisanu lililonse masana. Antchito onse khumi ndi anayi ankakhala pamabenchi kuseri kwa ofesi, aliyense n'kunena chimene walakwitsa sabata imeneyo. Ankautcha msonkhanowu kuti kulapa. Woyamba kulapa ankakhala bwana.

"Ndinalonjeza kasitomala kuti tifika Lachiwiri ndisanafunse a Musa ngati galimoto ili bwino," anatero tsiku lina, akuloza dalaivala. "Anthu aja anatidikira tsiku lonse. Vuto ndi pakamwa pangapa."

A Peterson anadikira kuti aone ngati wina aseke kapena achotsedwe ntchito mwakachetechete. Palibe chinachitika. Komabe iwo sanali mwana. Ankabwera ku kulapako ndi timachimo tosankha bwino: kuchedwa ndi minibasi, kuiwala kuzimitsa getsi. Kuntchito ankagwira zimene manja awo ankadziwa, monga mapulinta ndi kupukuta fumbi, ndipo akaona sikirini yayaka ankapeza chochita kwina.

Mu Ogasiti anatumidwa ku Kanengo, ku kampani ina ya fodya, kukayeretsa makompyuta asanu ndi imodzi. Wotsogolera anali Dinah Mbewe, katswiri wa makompyuta wamsinkhu wa mwana wawo wachiwiri. Ali mkati mwa ntchito, Dinah anaitanidwa ku ofesi ina, n'kuwasiya a Peterson akuchotsa fumbi. Ndiye anamva phokoso. Mlembi wina analowetsa diski m'kabowo kake, mkatimo n'kumveka kukukuta. Kompyuta imalira choncho ikamawerenga diski, ndipo mlembi aliyense pamenepo akanawauza. Koma safunsa anadya phula. A Peterson anatulutsa kabotolo kawo n'kudontheza madontho awiriawiri m'makina onse, mtima uli mbee kuti athandiza.

Lolemba foni inalira. Oyilo uja anali atasakanikirana ndi fumbi la fodya, makompyuta osawerenganso kanthu, ndipo madiski okhala ndi mayina a alimi anali atawonongeka. Mkulu wa ku Kanengo anakalipa mpaka mawu ake kumveka chipinda chonse. Anati kamtsikana kaja asadzakaonenso pageti. Amene anasaina kuti ntchito yatheka anali Dinah.

Makompyutawo anabwezedwa kuti Dinah awafufuze, koma oyilo anali atabisika m'fumbi. Mtsikanayo anasiya kupita kokadya masana. Ankangobwereza zimene analemba m'kope lake, mzere ndi mzere, kufuna pamene anaphonya. A Peterson ankadutsa pambali pake atanyamula pulinta, maso ali kutsogolo. Ankachita mantha, tinene zoona. Akanena, ntchito yatha, ndipo munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri wodziwa mataipilaita okha akalembedwanso kuti? Kunyumba kunali anthu asanu ndi awiri owadalira. Anakhala chete Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi.

Lachisanu pa kulapa, Mayi Amidu atanena zawo, Dinah anaimirira.

"Ndawononga makina a ku Kanengo," anatero. "Chondipweteka n'chakuti sindikudziwa kuti ndinalakwitsa pati. Mwina ntchitoyi sindiitha."

A Peterson anali atakonza kale za minibasi. Koma nthawi yawo itakwana, nkhani ya minibasiyo inakana kutuluka. Anayang'ana nsapato zawo.

"Mwanayu sanalakwe. Ndinathiramo oyilo ndine."

Mayi Amidu ananyamula mpando wawo n'kudzakhala moyang'anizana nawo. A Peterson anadikira mawu aja amene ankawadziwa, akuti tengani katundu wanu.

"Munamva chiyani kuti muthire?" anafunsa mayiwo.

A Peterson anadzutsa mutu. Nkhope ya bwana inalibe chipongwe. Ankafunadi kudziwa.

"Zimakukuta, mayi. Chitsulo chikamakukuta ndiye kuti chauma."

"Tayeserani kulira kwake."

Bambo wamkulu, wa imvi zake, anakukuta ndi pakhosi anthu onse akuona. A Musa anatsokomola pobisa kuseka.

"Nanga mapulinta amene mumakonza aja, mumathiranso?"

"Pa kachitsulo koyendapo mutu paja, eya."

"Ndiye chifukwa chake sabwerera," anatero mayiwo, akutembenukira kwa ena. "Miyezi isanu ndakhala ndikudabwa. Kuyambira lero pulinta iliyonse izidzera m'manja mwa a Kandoje." Anatembenukiranso kwa a Peterson. "Tsopano tigawane. Tsiku lokulembani ntchito lija ndinakufunsani funso limodzi, inu n'kundiyankha mwambi, ine n'kuseka. Sindinafunsenso. Oyiloyo ndiye ndi wanga. Koma masiku anayi amene mwamuonerera Dinah osadya, amenewo ndi anu. Sindingakusenzereni."

Mawu amenewa anawalasa a Peterson kuposa kukalipa kulikonse kumene anamvapo m'maofesi.

"Ntchito sindikuchotsani ine," anapitiriza Mayi Amidu. "Mukufunika miyezi itatu yophunzira makompyuta kuyambira pansi, ndipo wokuphunzitsani pano ndi mmodzi yekha. Akakana, ndilibe pokuikani. Dinah?"

Dinah anatseka kope lake. "Ndiyankha Lolemba," anatero.

Madzulo a tsikulo akazi a Peterson, a Elsie, anawapeza atakhala pakhonde jekete osavula. Anawafotokozera zonse, osasiyako.

"Ndiye mukuona ngati avomera?" anafunsa a Elsie.

"Ndikanakhala ine, sindikanavomera."

Lolemba a Peterson analawirira, koma anapeza Dinah atafika kale, akumanga makompyuta aja m'makatoni. Sanawapatse moni wa masiku onse.

"Ndikuphunzitsani, bambo," anatero osawayang'ana. "Makutu ngati anuwo ine ndilibe, ndipo ndikuwafuna. Koma kalasi yoyamba ili ku Kanengo. Mukanene nokha kwa bwana uja, pamaso pa alembi ake onse, ine nditaima pambali panu."

M'maofesi a ku Kanengo munali alembi amene ankawadziwa a Peterson kuyambira kale, amene ankawaimirira akalowa. A Peterson anayang'ana kwa Mayi Amidu, koma mayiwo anali akufunafuna makiyi m'chikwama.

"Inenso ndikupita," anatero mayiwo. "Ndikayamba kulapa ndine, inu mukatsatira."

A Peterson anawerama, n'kunyamula katoni yoyamba kupita nayo ku galimoto.