Galu amene ndinamutola m'khola la nkhumba

Galu uja sindinamugule. Amuna anga ndiwo ankafuna kugula kagalu kwa munthu wina wa cha ku Palabana, woweta agalu a miyendo italiitali osakira nguluwe, koma ine ndinawatsogolera. Tsiku lina ndikuchokera ku nkhuni, mwana ali kumbuyo, ndinadzera pa famu ya mzungu amene anali atasamuka. Ndinapeza antchito ake akale akugenda miyala m'khola la nkhumba. M'katimo munali galu wamkazi, nthiti zili pamtunda, khutu limodzi litang'ambika, magazi akuchucha m'mphuno. Antchitowo anati bwana pochoka anawauza kuti amuphe. Ndinawapempha kuti andipatse. Mmodzi anaseka nati, "Tengani amayi, mwatichepetsera nchito." Ndinamasula luzi pa mtolo wanga n'kumukoka mpaka kunyumba.

Amuna anga atamuona anati, "Amake mwana, ine nenze kufuna galu, imwe mwanibweretsera chikumba."

Tinali alendo kwa mfumu Nkomeshya, tangochokera kwathu kum'mawa. Malo amene anatipatsa anali kumapeto, moyandikana ndi tchire. Amuna anga ankagwira ntchito yomanga ku Lusaka, kubwera Loweruka pa njinga, ndipo masiku enawo ndinkatsala ndekha ndi mwana wokwawa. Ndinkaopa chilichonse, ngakhale tsamba likagwa padenga. Galuyo ananenepa ndi madeya ndi mikute. Ankagona pambali pa mphasa, mwana akumukoka khutu long'ambikalo, iye n'kumanyambita phala m'zala za mwanayo. Amuna anga okha ndiwo sanawazolowere, ankawakalipira mpaka atsike pa njinga.

M'chilimwe kunagwa chiwewe. Amesinjala a boma anayenda m'midzi kulengeza kuti galu aliyense amangidwe, wopezeka akuyendayenda awomberedwa. Mfuti tinkazimva kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe. Galu wanga ndinamumanga ku mwendo wa nkhokwe, ndipo chingwe ndinachifupikitsa kwambiri, kuopa kuti munthu wa mfuti akaonera patali angayese ndi womasuka.

Tsikulo dzuwa linali paliwombo, ndikusinja. Mwana ndinamugoneka pa mphasa mumthunzi wa nkhokwe, pafupi ndi galu, monga mwa masiku onse. Nkhuku zinabalalika. Nditacheuka ndinaona galu wofiira akutuluka m'tchire, mutu uli pansi, dovu likulendewera, akuyenda chopendekeka. Sanauwe. Analuma chitsa, n'kuchisiya, n'kulunjika pa mphasa.

Wanga uja analumpha kuti amuchingamire, chingwe chinamubweza, anagwa chagada, wofiirayo n'kumugwera pakhosi. Anagubuduzana m'mphepete mwenimweni mwa mphasa, fumbi, mano kulira, mwana akukuwa pakati pa miyendo yawo. Ndinamugwira mwendo mwana wanga ngati nkhuku, ndinamukoka, ndinamuponya m'nyumba, chitseko n'kutseka. Kenako ndinatola munsi. Ndinamenya wofiirayo pamsana ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Anatembenuka akukoka miyendo yakumbuyo, analuma munsi mano n'kulowa m'mtengo, ndinagwedeza, ndinazula, ndinamenya pamutu. Ndinamenyanso. Sindikudziwa kuti anafa nthawi yanji, ndinangosiya manja atakana kukwera.

Mwana ndinamuvula, ndinamuyang'ana paliponse, m'khwapa, kumatako, pakati pa zala za kumapazi. Analibe bala. Galu wanga ndiye anali ndi mabala akuya pakhosi ndi paphewa, akunjenjemera, mchira ukugundabe pansi.

Kwathu ankati galu wa chiwewe akaluma, umete ubweya wake, uwotche, phulusalo upake pa bala. Ndinameta ubweya wa wakufayo ndi mpeni, ndinauwotcha pa phale, ndinasakaniza ndi mchere n'kupaka. Mtembowo ndinaukokera ndi khasu kuseri kwa chulu n'kuukwirira. Dothi la magazi ndinalipala lonse. Kuyambira pamenepo mwana sanatsike kumbuyo kwanga. Ndinkasinja naye, kulima naye, maso ali pakamwa pa galu. Akayasamula, mtima unkandidumpha. Chakudya ndinkamukankhira ndi ndodo, iye n'kumandiyang'ana modabwa.

Loweruka amuna anga asanaimike n'komwe njinga ndinawauza zonse. Anayang'ana mabalawo ali chapatali.

"Uyu afunika kufa lero."

"Atate ake mwana, namupaka phulusa. Onani, akudya bwino, maso ali mushe."

"Phulusa? Munzanga ku nchito anapaka phulusa mwana wake. Mwanayo anafa atamangiwa pa bedi, akuluma amake."

"Tiyembekezeko pang'ono. Nizamumangira kutali, kumunda."

"Na amesinjala akamva? Na akadula chingwe imwe muli kumadzi?"

Ndinali nditamutsitsa mwana kuti atate ake amuone. Tikulimbana choncho, palibe anayang'ana pansi. Ndinangomva kuseka. Mwana anali atakwawira ku nkhokwe, atagwira galu m'khosi mwa mabala momwemo, galuyo akumunyambita kumaso, pakamwa, m'mphuno.

Ndinamuponda galu wanga m'nthiti ndi mphamvu zanga zonse. Analira n'kubisala pansi pa nkhokwe. Mwana ndinamusambitsa ndi sopo wochapira mpaka nkhope inafiira, akulira, ine ndikupakabe. Nditamaliza ndinati, "Tengani nkhwangwa."

Anaitenga, koma galuyo atawaona anatulutsa mano. Amuna anga anati, "Sanganilole. Mutengeni imwe." Ndinakwawira pansi pa nkhokwe n'kumuitana, ndipo anatuluka, ngakhale ndinali nditangomuponda. Ndinamasula chingwe pa mwendo wa nkhokwe, ndipo ananditsatira mpaka kumapeto kwa munda akununkhiza njira, wokondwa kuti wachoka pa nkhokwe. Ndinakulunga chingwe pa mtengo wa msuku n'kukoka mpaka mutu wake unagunda thunthu. Amuna anga anali omanga nyumba, sankatha kupha. Nkhwangwa yoyamba inatera paphewa. Kulira kwakeko ndimakumvabe. Anadzipinda, chingwe chinandisupula m'manja, koma sindinachisiye. Ndinkangoti, "Fulumirani, fulumirani," mpaka chingwe chinaleka kugwedezeka.

M'mawa mwake tinayenda ndi mwana kupita ku misheni ya Kasisi, amuna anga akukankha njinga. Asisitere anamuunika kumaso, m'kamwa, m'manja, ndipo anati sakuona pong'ambika, koma ndimuyang'anire, akatentha thupi kapena kukana madzi ndithamange naye. Ndinafunsa ngati galu wanga anali atatenga kale matendawo. Anati palibe angadziwe.

Mvula inabwera, chimanga chinamera, chinakula, chinacha. Nyengo yonseyo ndinkamupatsa mwana madzi ngakhale alibe ludzu, chikho chili pamlomo, ine ndikuyang'ana pakhosi pake. Akakankha chikhocho ndi dzanja, ndinkakhala pansi, kudikira, kumupatsanso. Ankameza. Pokolola anali akuyenda yekha, ndipo anakula osadwala matendawo.