Nsapato za Boma ku Chiromo

Bodza la nsapato ndinaliyambitsa ndine, ndipo mpaka lero ndikalikumbukira ndimaseka ndekha.

Atsibweni anga anaphunzira ntchito yosamala mapazi pa chipatala china ku Beira. Ankachotsa matekenya, kupala zikang'a, ndi kutsuka zilonda za odwala khate, aja samva kanthu akaponda minga. Nkhondo itawathamangitsa kwawoko, anadzakhala nafe ku Chiromo. Masisitere a kachipatala ka mishoni ankawafuna, koma ankati ayambe apeza chilolezo ku bungwe la ku Blantyre. Bungwelo ndiye linawazunguza. Poyamba linati satifiketi yawo ndi ya Chipwitikizi. Itamasuliridwa, linati chidindo chake nchofufutika. Pomaliza linati lituma dokotala adzawaone akugwira ntchito, ndipo odwala akhalepo okwanira.

Tsikulo linagwera nyengo imene madzi aphwa, anthu onse ali kumadimba ndi kumakoka.

"Adzapeza benchi yokha, nkubwerera," atsibweni ankadandaula kwa mayi. "Chaka china chipite."

Ine ndinali pa holide ya Fomu 2, wopanda chochita. Ndinatsikira kudooko, nkunong'oneza asodzi awiri kuti dokotalayo akubwera ndi nsapato za boma, aliyense wa phazi lodwala alandira. Ndinawapempha kuti asauze munthu.

Sitima yobwera ndi dokotalayo isanafike nkomwe, bwalo la kachipatalako linali litadzaza. Ena anawoloka pa bwato, ena anachokera kwa Mbenje. Bambo wina anamanga sanza pa chala chabwinobwino, nkumatsimphina akakumbukira. Atsibweni anaima pakhonde. Dokotala, munthu wamfupi wa magalasi, anatsika ndi kachikwama kamodzi, ndipo maso onse anali pa kachikwamako.

Kenako anatulukira atcheya a chipani, anyamata a malaya ofiira ali pambuyo. Phokoso lonse linatha.

"Msonkhano uwu waitanitsa ndani?"

Masiku amenewo anthu sankasonkhana popanda chipani kudziwa.

"Ati kuli nsapato za boma, bwana," anatero mayi wina, maso ali pansi.

"Nsapato ndili nazo ndi izi ndavalazi," anatero dokotala.

Atcheya anatembenukira kwa atsibweni. "Inu a kutsidya, mwayamba kulonjeza zinthu m'dzina la boma? Mwakusowa kwanu?"

Mnyamata mmodzi anawagwira padzanja. Mayi, amene anali pambali panga, anandikokera kwa iwo. Kwawo kwa atsibweni kunali mfuti, ndipo malire sali patali ndi Chiromo.

"Ndine, bwana," ndinatero. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwanapiye. "Ndimafuna atsibweni apeze odwala."

Atcheya anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu, mpaka maso awo anaima pa nsapato zanga zakuda za kusukulu.

"Mwana wa sekondale uyu? Chabwino. Nsapato zalonjezedwa, nsapato ziperekedwe. Vula."

Ndinavula. Anazipereka kwa msodzi wina wokalamba wa zilonda kuzidendene. Iye anaziyesa, nathokoza m'Chisena nati, "Takhuta, mwananga, koma zikuthina." Wina anaseka, ena nkutsatira, ndipo mnyamata uja anawasiya atsibweni.

"Poti anthu abwera kale, ntchito igwiridwe," anatero dokotala, akutsegula kachikwama kaja. Munali cholembera ndi buledi.

Ambiri anabalalika akunditukwana m'Chisena, koma odwala enieni anatsala. Atsibweni anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Ine anandipatsa beseni ndi sopo. Phazi lililonse linkayamba ladutsa kwa ine, ndi matope ake a kudambo, ndi fungo lake. Dokotala analemba kuti wawaona, nkuthamangira sitima.

Chilolezo sichinabwere chaka chimenecho. Bungwe linayankha kuti lamulo lasintha, pakufunikanso mayeso olemba m'Chingerezi. Atsibweni analamula kuti chilango changa chipitirire: ndiziwaphunzitsa Chingerezicho masana alionse, ndikatha kutsuka mapazi.

Bambo anakana kundipezera nsapato zina, choncho teremu yonse ndinapita kusukulu chosavala. Mchenga wa mu Okutobala unkawotcha ngati chiwaya. Anzanga akandiseka, ndinkawauza kuti nsapato zanga zinalowa ntchito ya boma, ndipo zikang'a zikandivuta, wozipala ali kunyumba, wopanda chilolezo.