Mphongo Imene Ndinasankhira Lindani

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, tikukhala pa Jenda. Kwathu ndi ku Dowa, koma bambo anga anali mlangizi wa ziweto ndipo ntchito ndi imene inatifikitsa kumeneko. Pakhomo tinali ndi galu wamkazi dzina lake Lindani, Jemani Shefadi weniweni wosasakanizika ndi mtundu wina, wa makutu oima ndi msana wakuda. Ndine amene ndinkamudyetsa ndi kumuchotsa nkhupakupa, choncho mumtima ndinkamuyesa wanga.

Lindani atakwanitsa zaka ziwiri, bambo anayamba kumufunira mphongo, ndipo apa m'pamene anatopetsa anthu. Akapeza galu sankathamangira kuyamikira thupi. Ankafunsa za mayi ake, za bambo ake, za katemera ndi za ana amene anabalapo kale. Kenako ankauza mwini wake kuti ayende naye, iwo n'kunjuta kumbuyo, maso ali pa chiuno ndi miyendo ya galuyo. Ine zinkandichititsa manyazi.

Kuseri kwa msika kunali a Nyirenda, mlimi wa fodya, amene anali ndi galu wamtundu womwewo dzina lake Bomba. Anali chimphona, mutu waukulu, ubweya ngati bulangete latsopano. Aliyense ankamusirira. Bambo anamukana.

"Adada, galu wanga ngwabwino chomene," anadandaula a Nyirenda. "Mukufufuza ngati pali malowolo. Mbwenu tiitane ankhoswe!"

"Nkhope ndi yabwinodi," anayankha bambo akuseka, "koma taonani mmene akudzukira pansi."

Ine ndinayang'ana, osaona kanthu. Galu amene bambo anamukonda anali wa ku Embangweni, wooneka wamba, ndipo anati tidikire nyengo ina. Kudikira kumeneko ndi kumene sindinkafuna, pakuti kusukulu ndinali nditalonjeza kale anzanga tiagalu.

Posakhalitsa Lindani anafika pa nyengo yake, agalu a m'midzi n'kuyamba kuzungulira mpanda wathu. Sabata yomweyo bambo anaitanidwa ku maphunziro ku Mzimba boma. Anandikoleka kiyi wa khola la Lindani m'khosi n'kunena kuti ndizitsegula pomudyetsa basi. Lachinayi masana, amayi atapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinamanga Lindani tcheni n'kulunjika kuseri kwa msika.

"Adada ako avomera tsopano?" anafunsa a Nyirenda.

Ndinavomera ndi mutu. Linali bodza ndithu.

Mimba itayamba kuoneka ndinaulula ndekha. Ndinkayembekeza chikoti, koma bambo anangonena kuti, "Wasankha ndiwe, wosamala udzakhalanso iwe." Lindani anaswa ana asanu ndi mmodzi, onenepa, okongola ngati bambo wawo. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, mumtima ndikuti akuluakulu nawonso amaphonya. Asanu anatengedwa ndi anthu, ngakhale bambo ankachenjeza aliyense za kumene achokera. Mmodzi wamphongo anatsala wanga. Ndinamutcha Mphepo, poti ndinkafuna adzathamange kuposa agalu onse a pa Jenda.

Atafika miyezi isanu ndi iwiri, Mphepo anayamba kuvutika podzuka. Ankayamba watsamira miyendo yakutsogolo, yakumbuyo n'kumatsatira monyinyirika. Pothamanga ankaponya miyendo yakumbuyo yonse iwiri pamodzi, ndipo ndikamugwira m'chiuno ankalira. Apa ndi pamene ndinaona chimene bambo anaona pa Bomba tsiku lija, koma mwa Mphepo chinali chitakula. Mafupa a m'chiuno sanalumikizane bwino, ndipo vutoli limayenda m'magazi.

Uthenga unabwera kuti ana ena awiri akuchita chimodzimodzi. Bambo anandikweza pa njinga yawo yamoto, tinayenda khomo ndi khomo mpaka ku Edingeni. Amphongo ankawafula, ndipo eni ake a aakazi ankawapempha kuti asadzawakweretse. Koma kufotokoza chifukwa chake anandisiyira ine. Mayi wina wamasiye, amene anatenga kagalu kuti kadzalondere khola la ng'ombe, anandimvetsera mpaka kumapeto n'kungothokoza kuti, "Yewo, mwana wanga." Akanandikalipira zikanandipepukira.

Mphepo anakhala nafe zaka zisanu. Sanathamangitsepo ngakhale nkhuku. M'miyezi yozizira, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndinkamupisa chitenje chakale kunsi kwa mimba n'kumunyamula kuti aime. Ankabuula, kenako n'kundinyambita dzanja uku akugwedeza mchira. Zimenezo ndi zimene zinkandipweteka koposa, chifukwa sankadziwa kuti ululu wakewo unachokera pa kiyi amene anali m'khosi mwanga.

Lero ndimakhala ku Mzimba boma ndipo ndimaweta agalu amtundu womwewo. Ndazindikira kuti galu sasankha womubala, timamusankhira ndife, koma wosenza zotsatira zake moyo wonse ndi iyeyo. Anthu akabwera ndi mphongo zawo zokongola ndimafunsa za mayi ake ndi bambo ake, kenako ndimawauza kuti ayende nayo, ine n'kunjuta kumbuyo. Amandiseka kuti ndikufufuza ngati pali malowolo. Ndimawalola aseke. Iwo sananyamulepo galu ndi chitenje.