Netiweki ya a Halohalo

Telala wa pakona paja anthu amamutcha a Halohalo, ndipo dzinalo adalikhetsera thukuta. Kuyimba foni pa intaneti kutayamba, aliyense ankadandaula kuti mawu akuchedwa, akuduka, mwina munthu akumveka ngati akuyankhulira mu ndowa. A Halohalo adaonapo mwayi. Matenda onsewo adawaphunzira, n'kumawachita ndi pakamwa.

Kasitomala akayimba kufunsa suti yake, iwo ankayamba bwinobwino, kenako: "Suti ija nda… ma… chisanu… halo? Halo?" Ankayamba akhala chete asanayankhe, ngati mawu akadali panjira, kenako n'kulowerera mnzawoyo akuyankhula, mpaka atope yekha. Apongozi awo aakazi adachita kumwalira akumvera chisoni mkamwini wokhala kudera lopanda netiweki. Seweroli ankalichita mwana wawo wamkazi ali pansi pa tebulo lodulira nsalu, akuseka mpaka kugwira nthiti. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Mwanayo adakula n'kupita kukagwira ntchito kunja. Adayambana ndi bambo ake pankhani ya mwamuna amene adasankha, mafoni n'kuleka. Pagulu a Halohalo ankadziumitsa mtima, koma zoona zake mwanayo ankamusowa koopsa. Diresi laukwati adalisoka mobisa, miyeso yongokumbukira, n'kulipachika kuseri kwa makatani a makasitomala.

Tsiku lina masana foni idalira. Shopu yawo inkagawana intaneti ya wayifayi ndi wometa wa khomo loyandikana, ndipo tsikulo kunali mpira. Aliyense wodikira kumetedwa ankauonera pafoni yake, moti mawu a munthu adalibe podutsa.

"Bambo, ukwati ndi mwezi wamawa," adatero mwanayo. "Ndikufunsani komaliza. Mubwera?"

"Ndibwera, mwanawe! Diresi ndasoka kale!"

Mawuwo adachedwa panjira, ndipo adakafika ali zidutswa.

"Mwati bwanji?"

A Halohalo adakwera pampando pafupi ndi windo n'kubwereza mokuwa. Mwanayo nayenso anali atayamba kuyankhula, mawu n'kuwombana, wina osamva mnzake. A Halohalo adakanikiza foni kukhutu.

"Halo? Halo? Ukundimva?"

Pamenepo netiweki, mwano wake, idatseguka, mawu a mwanayo n'kumveka ngati ali m'shopu momwemo.

"Zimenezo munkawachita agogo, ine ndili pansi pa tebulo," adatero mofatsa. "Mukanangoti ayi, bambo. Ndamva."

Adadula.

A Halohalo adathamangira kwa wometa uja akukuwa kuti aliyense azimitse mpirawo. Anyamata adazimitsa akuseka, poyembekezera sewero lija. A Halohalo adamuyimbira mwanayo. Foni idaitana bwino kwambiri, popanda kuduka ngakhale pang'ono, koma osayankhidwa. Adayimbanso, chimodzimodzi.

Wometayo adaimitsa makina, n'kuwayang'ana mogoma.

"Koma lero ndiye mwaposa, a telala. Mpaka misozi?"