Galimoto Yopanda Sayilensa

Khutu langa lakumanzere limalira mpaka lero. Ana anga amati ndi ukalamba. Ukalamba wa chiyani! Ndi galimoto ija.

Nthawi imeneyo ndinali mzamba pa kachipatala ka kumapiri, kum'mawa kwa Mangochi, pafupi ndi malire. Zinali zaka zija anthu a ku Mozambiki ankakhamukira kuno kuthawa nkhondo, ena atangonyamula mwana ndi kansalu kamodzi basi. Amayi oyembekezera anachuluka, ndiye azungu ena othandiza anatipatsa galimoto yoti tizithamangitsira odwala ku chipatala chachikulu ku boma. Inali galimoto yabwino, ya dizilo, ya tabo, zija zimaimba kamluzu zikamakwera phiri. Itangobwera, tinkacheza m'katimo osakweza mawu.

Dalaivala wathu anali bambo wa ku Nkope, waukhondo, wopemphera, koma makani ake, mayo ine! Tsiku lina anapita nayo ku boma, n'kubwera ikubangula. Ndinatuluka m'wodi magolovesi ali m'manja, ndikuyesa kuti kwatera ndege.

"Achimwene, mwaitani galimotoyi?"

"Sayilensa yathothoka pamwala, asisita," anatero akumwetulira. "Awotchererapo paipi yowongoka. Komanso tabo imafuna kupuma. Simukumva mphamvu?"

Mphamvu! Kunja kunali kubangula, koma m'kati ndiye munali chilango. Tikangofika pamsewu wabwino, liwiro n'kukhazikika, mumayamba kulira kwina kwake, huuuu, kosadukiza, kochokera pansi pa mpando n'kulowa m'mano ndi m'chifuwa. Magalasi ankanjenjemera. Wodwala akabuula kumbuyo ndinkangoona pakamwa pakuyenda.

Ndinayesa zanga. Ndinayala masaka a chimanga pansi, pamwamba pake mabulangete akale. Mlongo wanga wa ku Chembe anandipatsa ukonde wong'ambika, ndinaupinda n'kuukankhira pansi pa mipando. M'mipata ya chitseko chakumbuyo ndinatsekamo zisanza. Kugwedera kwa zitsulo kunachepa ndithu, koma huuuu uja anangokhala pomwepo. Ndinapita kwa mkulu woyang'anira chipatala.

"Galimoto ikuyenda?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Ikuyenda, bwana."

"Ndiye vuto lili pati? Ikani thonje m'makutu."

Mzamba aike thonje m'makutu! Ntchito yanga ine ndi makutu. Mwana ali m'mimba simumuona, mumangomumvera ndi kalipenga kachitsulo kaja timagunditsa pamimba pa mayi. Koma dalaivala ankasangalala. Ankati mbuzi zimathawa zokha, hutala safunikanso, ndipo tikamalowa ku boma anyamata a pahotela amatembenuka kutiyang'ana.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo pa njinga, thukuta lili kamukamu. Anati mkazi wake wayamba kudwala dzulo, mwana sakutuluka. Anali a ku Mozambiki, a m'misasa yatsopano kuseri kwa phiri. Tinakweza njinga yake n'kunyamuka.

Titafika tinapeza zii. Moto ukuyaka pamafuwa, mtondo uli ndi chimanga, koma munthu ayi. M'msasa mwa bamboyo munali mphasa yokha, yonyowa. Iye anagwira mutu.

"Athawa," anatero. "Amva galimoto. Kwathu zolira chonchi zimabwera ndi asilikali."

Tinayamba kuitana m'tchire. Bamboyo ankakuwa dzina la mkazi wake mpaka mawu anasasa. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, koma mayiyo tinamupeza dzuwa litafika pamutu, atagona m'kachigwa, minga ili m'mapazi. Munthu wa matenda a tsiku lachiwiri anathamanga mtunda wonsewo, akukwawa pena, chifukwa cha ife amene tinabwera kudzamuthandiza. Ndinagunditsa kalipenga pamimba pomwepo. Mtima wa mwana unkamveka, koma mofooka.

M'galimoto ndinagwada pambali pake pa masaka anga aja. Ndinakanikiza khutu lakumanzere pakalipenga mpaka linapweteka. Huuuu basi. Ndinamenya mpando wa dalaivala.

"Zimitsani!"

"Asisita, tikuchedwa."

"Ndati zimitsani, kodi ndinu ogontha?"

Anazimitsa pamtsetse. Kunangoti zii. Ndinamvera uku, ndinamvera uko, ndinasuntha kalipenga mimba yonse. Mayiyo ankandiyang'ana m'maso osaphethira. Sindinamve kanthu, ndipo sindidziwa kuti mtimawo unaima pa mtunda uti, poti njira yonse ndinkangomva ekizozi. Ku boma anapulumutsa mayi yekha. Mwanayo anali wamwamuna.

Patapita masiku atatu ndinapita kunyumba kwa dalaivala kukamuuza kuti kukubwera ulendo wina. Kuseri kwa khitchini ndinaona chinthu chitatsamira khoma, chokutidwa bwinobwino ndi saka kuti chisachite dzimbiri. Sayilensa! Yathunthu, yopanda ndi kamphako komwe. Sinagunde mwala uliwonse. Anaichotsa dala kuti azimveka akamadutsa.

Ndinamuitana dalaivalayo kuti atuluke. Zimene ndinalankhula pakhomo paja sindingazilembe, mkazi wake anachita kulowetsa ana m'nyumba. Mwamunayo anangolumbira kuti, "Walahi, asisita, sindinadziwe." Sanadziwe chiyani? Miyezi yonse ija ndinkamuuza Chichewa chomveka. Ndinaisenza pamutu sayilensayo ngati mtolo wa nkhuni, kudutsa nayo pamsika anthu akundiseka, n'kukaiponya patebulo la bwana uja, pamwamba pa mapepala ake. Mawa lake lomwe inawotchereredwa. Ntchito yake sinatenge ngakhale ola limodzi.

Mayi uja atatuluka m'chipatala tinamubwezera kumisasa pa galimoto yomweyo. Inkayenda mofatsa, kamluzu ka tabo kakumveka pang'ono pokwera phiri. Titafika palibe anathawa, ana anachita kutithamangira. Mayiyo anatsika pang'onopang'ono, atagwira kansalu kamene anakonzera mwana, n'kuima kuyang'ana galimotoyo.

"Amayi," anandifunsa, "ndi yomwe ija?"

"Ndi yomweyo."

"Ikanabwera chonchi tsiku lija, mukanandipeza pamphasa."