Hatchi Yoopa Ambulera

Lolemba lapitali ndinapita ku esiteti kukaona malume anga, a Mulipa, amene akhala akusamala mahatchi kumeneko kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinawapeza akupesa mchira wa Dona, hatchi yaikazi yofiirira, nkhope ili ndwii. Esiteti yagula njinga zamoto zoti akapitawo aziyendera minda ya tiyi, ndiye mahatchi akugulitsidwa. Dona ndiye anatsala, ndipo ogula amabwera tsiku lomwelo.

Ogulawo anali Mayi Kamwendo a ku Bvumbwe, oweta ng'ombe zamkaka. Amafuna hatchi yoti antchito aziyendera famu, komanso mdzukulu wawo wamkazi azikwera patchuthi. Manijala anawaperekeza kukhola n'kuuza malume kuti, "Afotokozereni bwinobwino, madala."

Malume sanadikire kuuzidwa kawiri. Bambo wake wa Dona, iwo anati, anali hatchi yampikisano, n'kumene anatengera liwiro. Mayi wake anali kahatchi kam'mapiri, kafupi koma kolimba miyendo, kosaterereka ngakhale m'matope a chiperoni. Kuphunzitsa anamuphunzitsa okha. Anatha miyezi akungomuika thumba pamsana asanamumange chishalo.

Atatero anakwera. Abale, ndinaona nkhalamba yaimvi ikutsegula geti ili pamsana pa hatchi, hatchiyo n'kumabwerera chafutambuyo mwaulemu. Dona anawoloka ngalande, anakusa ng'ombe za esiteti mpaka m'khola, thirakitala inadutsa pafupi iye osagwedeza ngakhale khutu.

Mayi Kamwendo anali atayamba kale kufunsa za lole yodzamunyamula.

"Koma pali chimodzi, mayi," anatero malume akutsika. "Ameneyu amaopa ambulera. Munthu akaitsegula mwadzidzidzi pafupi naye, amalumphira kumbali. Anandigwetsapo ine, phewa ili limandipwetekabe kukazizira. Mwanayo musamukweze kaye."

Manijala anangotembenuka n'kumayang'ana tiyi. Hatchi yoopa ambulera, ku Thyolo kuno! Kuno kumene mvula imagwa ikafuna, ndipo ikaleka amayi amafundabe ambulera chifukwa cha dzuwa.

"Ndikaganize kaye," anatero mayiwo. Inu ndi ine tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Galimoto yawo itangotuluka, manijala anawauza malume kuti Dona akapanda kugulidwa mwezi uno apita kwa aliyense amene abwere ndi lole, kaya ndi wa ngolo. Malume hatchi imeneyi anaiona ikubadwa.

Nanenso ndinawonjezera zanga. "Koma malume, za ambulerazo anakufunsani ndani?"

"Iwe," anandiyankha, "mdzukulu wawoyo akanagwera pamwala, kuchipatala ukanapita ndiwe kukapepesa?"

Ndikudziwatu mmene timagulitsira zinthu ife. Galimoto iliyonse yogulitsa inali ya mayi wachikulire amene amangopita nayo kutchalitchi. Ng'ombe iliyonse yogulitsa imadzaza ndowa m'mawa ndi madzulo. Nyumba ya lendi timaionetsa nthawi yadzuwa, denga lodontha wolowayo akalidziwe yekha mu Januwale. Ndipo sitikutcha kunama. Timangoti, "Sanafunse."

Ndisaloze ena okha. Chaka chatha ndinagulitsa firiji kwa mphunzitsi wina wa ku Makwasa. Ndinamuuza kuti imangofuna gasi pang'ono. Sindinamuuze kuti amakanika awiri anali ataikanika kale. Mpaka lero ndikamuona pa depoti ndimayerekeza kuyankha foni. Tinkacheza bwino munthu ameneyo.

Lachinayi malume anandiimbira, mawu ali m'mwamba. Mayi Kamwendo anabweranso, ndipo Dona amutenga. Azikwera antchito okha pakali pano. Loweruka lililonse malume azipita ku Bvumbwe kukamuzoloweretsa ambulera, kuyambira patali, pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene iwo eni adzanene kuti mwana akhoza kukwera.

"Akuti anakaona mahatchi ena awiri," anatero malume akuseka, "onse opanda vuto ngakhale limodzi. Akuti zimenezo n'zimene zinawaopsa."

Sikuti kunena zoona kumalipira nthawi zonse. Mayiwo akanatha osabweranso, ndipo malume amadziwa zimenezo pamene amatsegula pakamwa. Anatsegulabe.

Nanga inu, chinthu chomaliza chimene munagulitsa, amene anagulayo mumapatsana naye moni mukakumana?