Masabata awiri amene anandidyera zaka zinayi

Ntchito ya udobi anandipezera ndi a Gondwe, mkulu wa mpingo kumene timapemphera ku Shawlands, mumzinda wa Glasgow. Ndinali nditatha miyezi ndithu ndili khale m'nyumba ku Maryhill, kumangoyang'ana ngalande ya madzi pawindo, mkazi wanga, amake Tadala, ali kuchipatala kumene amagwira unamwino. Munthu amene ndinkayendetsa lole ku Kanengo, kumadikira mkazi kuti andipatse ya basi! Tsiku lina titaweruka mapemphero a Gondwe anandikokera pambali.

"Achimwene, kuli kampani yochapa nsalu za m'mahotela, ikufuna anthu. Koma ndi zero-hours."

Ndinafunsa kuti chimenecho ndiye chiyani.

"Akakufunani amakuitanani, akapanda kukufunani mumakhala. Maola sakulonjezani."

"Ndiye kuti ganyu," ndinatero.

Anaseka. "Ganyu wovala yunifomu."

Ndinapita. Nsalu zimafika m'makeji, ngolo zazitali za waya zoyendera timatayala. Wachilendo amayambira posankhula: lamba akuyenda patsogolo pako, iwe ukuponya mabedishiti uku, matawulo uko, mapilokesi ndi nsalu za patebulo kwina. Anthu amene amagona m'mahotela okwera mtengo aja musamawapatse ulemu kwambiri. Ine ndagwira nsalu zawo. Masanzi, magazi, matewera a ana okulungidwa m'kati mwa tawulo, ndi zina zoti sindingalembe pano. Magolovesi awiri dzanja limodzi, komabe ukafika kunyumba nsima imavuta kumeza.

Zikachoka posankhula, nsalu zimalowa m'makina ochapa aatali ngati sitima, a zipindazipinda. Kumapeto kwake kuli chofinyira chimene chimazipanikiza mpaka kutuluka chimbulunga chonga tayala la galimoto. Matawulo amapita kowumitsa, mabedishiti amabwera ali achinyezi ku makina ositira. Kumeneko ndi kumene ndinakhazikika. Mumaima awiri, wina kona iyi, wina kona iyo, kupanira nsalu pa zopanira, makina n'kuitambasula, kuikoka pakati pa migolo yotentha ndi nthunzi, n'kukaitulutsa kutsogolo itapindidwa kale. Nsalu ikakodwa, umakoka chingwe chofiira kuti zonse ziime, umatseka magetsi ndi loko, kenako umaikoka ndi ndodo ya ngowe. Dzanja ayi. Kunja anthu akunjenjemera ndi chisanu, ife m'katimo thukuta lili kamukamu.

Mashifiti a sabata yotsatira ankabwera pa meseji. Ndinaphunzira msanga kuti ukakana kamodzi, sabata inayo foni yako imakhala zii. Ndiye sindinkakana. Khirisimasi ndinalipo. Nyengo ya dzuwa, alendo atadzaza mumzinda, ndinalipo. Ngakhale Januwale, mahotela ali pululu, ankandipatsabe mashifiti awiri kapena atatu. Kwa zaka zinayi panalibe sabata imene sindinaponde pakampani paja. Pepala linkati ganyu, koma msana wanga unkadziwa kuti ndi ntchito.

Kapitawo wathu anali mzungu wa konkuno, Davie. Ankanditchula kuti "big man", ndipo poyamba ndinkaona ngati akundilemekeza, mpaka ndinamumva akutchula chimodzimodzi kamnyamata ka pasitolo yogulitsa tchipisi. Tinakanganapo kangapo, chifukwa ine pakamwa sindisunga mawu, koma tinkamvana.

Chaka chachinayi chikutha, Davie anandipeza ndikukankha keji.

"Big man, watopa iwe. Ndikukuona. Kapume masabata awiri, usagwire foni. Pobwera ukapeza zabwino."

Ndinamufunsa kuti zabwino zanji. Anangotsinzina diso limodzi n'kumapita. Ntchito inali yambiri nthawi imeneyo, makeji atafola mpaka panja, koma mutu wanga sunafunse kuti bwanji akupumitsa munthu pamene nsalu zawunjikana chonchi. Ndinaona ngati andiganizira. Kunyumba kunafika kapepala kotchedwa P45, kamene amakupatsa ukasiya ntchito. Ndinamuimbira Davie, iye akuti ndi za kuofesi chabe, akukonza zinthu zanga.

Nditabwerera anandipatsa kontirakiti yokhazikika. Maola otsimikizika, tchuthi, zonse. Ndinamugwira chanza ndi manja awiri. Lamulungu ndinaimirira kutchalitchi kuchitira umboni kuti Mulungu wandipatsa mpumulo ndi ntchito nthawi imodzi, amayi n'kumalulutira. Amake Tadala anakonza botolo la tsabola wa kambuzi kuti ndikamupatse Davie. Munthu uja anamukonda tsabola ameneyo moti likatha ankabweza botolo kuti tidzazenso. Tinkadzaza.

Zaka ziwiri zisanakwane chisainireni, anatisonkhanitsa m'kantini. Kampani yagulidwa, ntchito yonse ikupita kufakitale ina kunja kwa Glasgow, pano akutseka. Anati amene wagwira zaka ziwiri kapena kuposerapo alandira ndalama ya redundancy, imene amapereka ntchito ikakuthera popanda kulakwa kwako, ndipo imakula molingana ndi zaka zako. Mumtima ndinati zanga zikuyandikira zisanu ndi chimodzi. Si ndalama yogulira nyumba, koma ikanatilipirira lendi ndikufunafuna kwina, osabwereranso kokhala pawindo kuja.

Anayamba kutiitana mmodzimmodzi. Mayi wina wochokera kulikulu la kampani anayang'ana pakompyuta n'kumwetulira ngati akundiuza za ukwati.

"Pepani, inu simunakwanitse zaka ziwiri. Mulandira malipiro a notisi ndi masiku a tchuthi otsala."

Ndinati mwina asokoneza dzina. Ndinamuuza kuti pakampani pano ndinabwera tsitsi langa lisanayambe imvi.

"Zakumbuyozo zinali zero-hours, komanso panali kadukidwe musanayambe kontirakiti yatsopano."

Kadukidwe. Ndinatuluka m'chipindamo makutu akulira.

Mawa lake ndinapita kumalo ena ku Gorbals kumene amalangiza anthu za malamulo mwaulere. Mayi amene anandithandiza anandifotokozera bwinobwino, ndipo ndilemba monga ndinamvera, chifukwa ambiri a ife sitidziwa. Zaka za zero-hours si kuti zimangotayidwa ayi. Zitha kuwerengedwa ngati ukuoneka kuti unali wantchito weniweni, ndipo unkagwira mosadukiza. Chimene chimapha ndi sabata yathunthu, kuyambira Lamulungu mpaka Loweruka, imene unalibe mgwirizano uliwonse ndi kampani. Ikapezeka sabata yotero, kuwerenga kumayambiranso pachiyambi. Pokhapokha ngati unadwala, kapena ntchito inaima yokha kwa kanthawi, kapena munagwirizana kuti ngakhale uli kunyumba ukadali wawo.

"Munadwala?" anafunsa mayiyo.

"Ayi."

"Ntchito inachepa?"

"Inali yosefukira."

"Nanga pali amene anganene kuti pokupumitsani anali atakonza kale zoti mubwerera, kuti sanakuchotseni?"

Ndinati alipo, kapitawo. Anati ngati iyeyo angavomere kulemba kapena kuyankhula, tikhoza kuyesa kubwalo la milandu ya zantchito. Popanda iye, mlandu ndi wofooka.

Tsiku limene ndinamufunsa Davie ndi limene sindidzaliiwala. Inali sabata yomaliza, makina ena atayamba kale kumasulidwa, pansi pali mabawuti ndi mafuta. Ndinamupeza kuseri kwa makina ositira akulemba manambala pamakeji opita kufakitale yatsopano. Ndinadzigwira, ndinayamba mwaulemu. Ndinamukumbutsa za masabata awiri aja, n'kumupempha kuti angolemba mizere iwiri yonena zoona: kuti anandipumitsa ndi iye, ntchito ilipo, akudziwa kuti ndibwerera.

Sanandiyang'ane. "Sindingathe, big man. Andipatsa malo kufakitale inayo. Ndili ndi ana."

"Ine ndili ndi mbuzi?"

"Usatero. Si ine ndinayambitsa. Aliyense wochoka pa zero-hours kupita pa kontirakiti amayamba wapuma kaye. Ndi lamulo la kuofesi."

Ndinamuyang'anitsitsa. "Ndiye kuti unkadziwa chimene masabata amenewo ankachita?"

Anakweza mapewa. "Aliyense amadziwa zimenezo."

"Aliyense ndani? Ine unandiuza? Unati ndatopa! Unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ndatopa!"

Mawu anga anakwera mpaka amayi opinda matawulo anasiya ntchito n'kutembenuka. Davie anayang'ana uku ndi uku, kenako anayesa kuseka kuti nkhani ipepuke. Anandisisita paphewa.

"Zichitika bwino, ndiwe wolimba iwe. Koma uwauze madamu kuti tsabola uja ndidzamusowa."

Apa ndiye mdima unandigwira m'maso. Ndinagwira keji yodzaza mabedishiti onyowa n'kuikankha ndi mphamvu zanga zonse. Sindinalozetse kwa iye, ndinalozetsa kukhoma, koma phokoso lake linamveka mpaka kuofesi. Tayala limodzi linathyoka, keji n'kugwa cham'mbali, nsalu zoyera mbwee pamafuta. Ndinamuuza mawu ena m'Chichewa amene a Gondwe atawamva akanandiimitsa pa mgonero. Davie sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma nkhope yake inafiira ngati wamva onse. Ndinavula magolovesi, kuwaponya pamakina, n'kutuluka. 

Chimene chinkandinyansa si ndalama yokha. Akanandiuza poyera kuti bambo, tikukudulani zaka zanu, mukafuna kontirakiti landirani, mukapanda kufuna khalani pa ganyu, ndikanakwiya, koma ndikanasankha ndekha ngati munthu wamkulu. Iwo anandibera n'kuchititsa kuti ndithokoze. Ndinavina kutchalitchi chifukwa cha kuberedwa. Chimenecho mpaka lero ndikachikumbukira ndimafuna kulavula.

Mlandu sitinapite nawo. Mayi wa ku Gorbals analemba kalata kukampani, iwo anayankha kuti zonse zinayenda motsata malamulo, nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu amene anabwera pambuyo panga, koma analowa ndi kontirakiti kuyambira tsiku loyamba, analandira zawo. Mmodzi ndinamuphunzitsa ndine kupanira nsalu. Sindimuda, si iye anandidula. Amake Tadala anawonjezera mashifiti kuti lendi isatigwetse, ndipo kwa miyezi ingapo m'nyumba mwathu munalibe kuseka.

Pano ndili kunyumba yosungira katundu, ndimakweza makatoni pamapaleti, matabwa osanjikapo katundu. Zero-hours kachiwiri, chifukwa pa msinkhu wanga sasankha. Koma ndinasintha. Bwana akandichitira chifundo chimene sindinapemphe, ndimayamba ndafunsa kuti chifundocho chikupindulira ndani. Mwezi wathawu woyang'anira wathu, mtsikana waulemu ndithu, anandiuza kuti sabata yamawa kulibe mashifiti, ndikapumeko. Ndinamuuza kuti andilembere pa meseji kuti katundu wachepa, kuti ndikadali wantchito wawo, ndi tsiku limene ndibwerere. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ndi sabata imodzi yokha," anatero.

"Ndikudziwa kukula kwa sabata imodzi," ndinamuyankha. "Lembani."

Ndinaima pakhomo la ofesi yake, jekete lili m'manja, mpaka foni inalira m'thumba mwanga.